Musathamangire kuwonjezera getsi: nkhani ya ma zoanthid

Sabata yatha tikuweruka, mtsikana wina wa Fomu 3 anandithamangira ndi foni ya achemwali ake kuti ndione kavidiyo. Munali thanki yagalasi ya madzi amchere, ndipo mkati mwake munali mwala wodzaza ndi tinthu tonga timaluwa, tina tobiriwira ngati inki ya hailaita, tina tofiira pakati koma tachikasu m'mbali. Mwini thankiyo ankadandaula kuti papita miyezi itatu timaluwa take tisakuchulukana, ndiye waganiza zogula getsi lamphamvu kuposa limene ali nalo. Mtsikanayo anati, “Aphunzitsi, akawonjezera kuwala tiyamba kukula msanga, eti?”

Ndinamuyankha kuti mkuluyo akulakwitsa, ndipo ndalama zakezo mwina zipha zimene akufuna kukulitsa. Belu linali litalira kale, ndiye zifukwa zanga ndikuziika pano.

Choyamba, amenewo si maluwa. Ndi tinyama totchedwa zoanthid, abale a jellyfish ndi makorali amene amamanga matanthwe m'nyanja zamchere. Kamutu kalikonse, kamene asayansi amakatcha polyp, ndi kanyama pakokha, kali ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira. Timakhala pagulu, tolumikizana kunsi ngati mphasa. Mu nyanja yathu ya Malawi simungatipeze chifukwa madzi ake alibe mchere wokwanira, koma pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, monga ku KwaZulu-Natal, timakuta malo aakulu ndithu. Anthu oweta za m'nyanja ku America, ku Ulaya ndi ku Asia amatigula chifukwa cha mitundu yake, ndipo anatipatsa mayina amalonda monga Eagle Eye ndi Rasta.

Mkulu uja sanangolota za kuwalazo. M'thupi mwa ma zoanthid ambiri mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala, monga muja munaphunzirira photosynthesis mu bayoloje, ndipo kanyamako kamadyako. Popanda kuwala kamafooka. Mpaka apa akulondola. Vuto ndi loganiza kuti chinthu chikakhala chabwino, kuchichulukitsa kawiri ndiye kuti phindu nalo lichuluka kawiri. Mlimi aliyense amene anatenthapo chimanga ndi feteleza akhoza kukuuzani kuti sizitero. Ndere zili ndi malire a kuwala kumene zingagwiritse ntchito. Kukapitirira pamenepo, mphamvu yotsalayo imayamba kuwononga maselo, ndipo kanyamako kamatseka timanja take kapena kulavula ndere zija n'kuyamba kutuwa.

Komanso anthu sazindikira kuti kuwala kumasintha msanga bwanji. Tinachita m'kalasi kuti ukachepetsa ndi theka mtunda wochokera pa getsi laling'ono, kuwala kofika pa chinthucho kumachuluka pafupifupi kanayi, osati kawiri. Mwala umene unali masentimita 40 kuchokera pa getsi, ukaukwezera pa masentimita 20, m'maso mwako waoneka ngati wangousuntha pang'ono. Kwa kanyamako zili ngati wakatulutsa pamthunzi wa mango n'kukaika pa dzuwa la mu Okutobala. Magalasi a getsi ndi madziwo amasinthako nambalayi, koma mfundo yake ndi yomweyo. N'chifukwa chake oweta odziwa amayamba kuika ma zoanthid atsopano pansi pa thanki, n'kumawakweza pang'onopang'ono pa masabata angapo.

Pa za mitunduyo ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene fizikisi imakoma. Mumaganiza kuti n'chifukwa chiyani matanki amenewa amawalitsidwa ndi getsi la buluu? Chifukwa china n'chakuti m'nyanja momwemo kuwala kofiira kumamezedwa ndi madzi m'mamita ochepa a pamwamba, pamene kwa buluu kumafika pansi kwambiri. Chifukwa chachiwiri ndi chokongola kuposa pamenepo. Ma zoanthid ali ndi mapuloteni amene amameza kuwala kwa mphamvu zambiri, monga kwa buluu, n'kutulutsa kuwala kwa mphamvu zocheperapo, monga kobiriwira kapena kwachikasu. Mphamvu yotsalayo imasanduka kutentha. George Stokes anafotokoza zimenezi mu 1852 ndipo ndi amene anazipatsa dzina loti fluorescence. Mu 1999, Mikhail Matz ndi anzake ku Moscow anapeza mapuloteni otere mu mtundu wa Zoanthus, ndipo imodzi anaitcha zFP506 chifukwa imatulutsa kuwala kwa mafunde otalika ma nanometre 506. Masiku ano mapuloteni ochokera ku tinyama timeneti amagwiritsidwa ntchito m'malabu poika chizindikiro chowala pa maselo amene akufufuzidwa. Mukhoza kuona zofanana nazo kunyumba: lembani ndi hailaita yachikasu papepala, zimitsani magetsi, muunike ndi katochi ka buluu kapena kaja koyezera ndalama zachinyengo. Ndiye dziwani kuti mtundu wa pavidiyo uja, mbali yake ndi ya kanyamako, mbali ina ndi ya getsilo. Pa kuwala koyera ambiri amaoneka ofiirira basi.

Tibwerere ku dandaulo lija, loti sakuchulukana. Ma zoanthid amachulukana pophukira: kamutu katsopano kamamera pambali pa kakale. Mitundu ina imaphukira pakangopita masabata ochepa, ina imakhala miyezi osasintha, ndipo yonse imayamba yaima kaye ikasamutsidwa. Miyezi itatu ya mkulu uja si umboni woti china chake chalakwika.

Ndimakayikira kwambiri anthu amene amati ma zoanthid awo amawirikiza kawiri mwezi uliwonse. Tengani cholembera. Mukayamba ndi timitu 5 n'kumawirikiza kawiri mwezi ndi mwezi, pakutha pa miyezi 12 muli ndi timitu 20,480. Ndani anaonapo zimenezo pa kamwala kokwana m'manja? Kuwirikizako kumatheka poyamba pokha, pamene kamutu kalikonse kali ndi malo pambali pake. Gululo likakula, timitu ta pakati tapanikizika, malo ambiri omerapo atsala m'mphepete. Ndipo mukudziwa za bwalo: mukawirikiza kawiri radius, malo ake amachuluka kanayi koma mzere wozungulira umachuluka kawiri kokha. Gulu likamakula, gawo la timitu tokhala m'mphepete limanka lichepa. Choncho funso loti “amakula msanga bwanji” lilibe nambala imodzi, ngakhale pa mwala umodzi womwewo.

Ine maganizo anga ndi akuti chimene chimakulitsa tinyamati ndi kusasinthasintha kwa madzi. Nyanja yamchere ndi yaikulu moti kutentha ndi mchere wake sizisintha mwachangu. Thanki imayesa kutengera zimenezo: kutentha kwa pakati pa 24 ndi 26 °C, mchere pafupifupi magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi, ndi pampu yoyendetsa madzi kuti azibweretsa chakudya n'kuchotsa zonyansa, poti tinyamati sitiyenda. Tsono madzi amauluka ngati nthunzi koma mchere suuluka. Thanki ya malita 20 ikataya lita imodzi, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 36.8. Ya malita 200 ngakhale itataya malita anayi, umangofika pa 35.7. Thanki yaing'ono imatenthanso ndi kuzizira msanga chifukwa madzi osunga kutentha ndi ochepa. Anthu ongoyamba kumene amagula yaing'ono poganiza kuti ndi yosavuta, chonsecho ndi imene imafuna diso tsiku lililonse. Ndipo pobwezera madzi ouluka aja amathira opanda mchere. Funso limeneli ndikalifunsa m'kalasi, manja ambiri amakwera kunena kuti athire amchere.

Wina anganene kuti, nanga ngati getsi la mkuluyo ndi lofookadi? N'zotheka, sindikukana. Ma zoanthid osowa kuwala amatalika makosi ngati mbande za fodya zomera pamthunzi, ndipo zikatero kuwonjezera kuwala pang'onopang'ono n'koyenera. Koma a pavidiyo paja anali otambasuka bwino, afupiafupi. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti mkuluyo ananenanso kuti sabata yomweyo asintha mtundu wa mchere ndi kuyamba kuthira chakudya chatsopano. Zinthu zitatu nthawi imodzi! Akakula adzathokoza chiti? Akafa adzaloza chiti? Mwana wa Fomu 1 atandilembera zoterezi pa pulakitiko ndingamubwezere pepala.

Pali chinthu china chimene mavidiyo ambiri satchula, ndipo ichi si chamasewera. Ma zoanthid ena, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene amadziwika m'chilengedwe. Richard Moore ndi Paul Scheuer anamupatula koyamba mu 1971 kuchokera ku Palythoa wa ku Hawaii. Amasokoneza timapampu ta sodium ndi potassium ta m'maselo, timene minofu ndi mtima zimadalira. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la CDC ku America linalemba za anthu a ku Alaska amene anadwala atapuma mpweya wa m'nyumba ndi m'mashopu mmene munali ma zoanthid. Choopsa kwambiri ndi kukwecha mwala wotere kunja kwa madzi kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa poizoniyo amakwera ndi nthunzi n'kulowa m'mapapo mwa aliyense m'nyumbamo. Ndi maso simungadziwe kuti uyu ali naye, uyu alibe. Odula timagulu kuti agulitse amayenera kuvala magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Ena mwa inu mudzapita ku Durban kapena ku Pemba, mudzaona timphasa totere pamiyala madzi akaphwa. Kaoneni, kajambuleni, koma musakang'ambe ndi manja.

Lolemba mtsikana uja anabweranso kudzafunsa kuti akanakhala iye akanatani. Ndinamuuza kuti getsi alisiye mmene lilili, ajambule mwalawo Lamlungu lililonse ataima pamalo amodzimodzi, awerenge timitu, alembe m'kope pamodzi ndi kutentha ndi mchere wa tsikulo, mpaka masabata asanu ndi atatu. Akafuna kusintha china, asinthe chimodzi chokha, n'kuyambiranso kuwerenga. Iye anaseka n'kunena kuti imeneyo ndi girafu yomwe ija ndimawavutitsa nayo Lachinayi lililonse.