MALAMULO A MPIKISANO AGANIZIRE MWANA WA MLIMI

Cholinga cha mpikisano uliwonse ndi kupeza munthu amene waposa anzake pa mphamvu, luso ndi kupirira. Koma alipo masewera ena amene munthu sadalira thupi lake lokha, pakuti amakwera chinthu chogula ndi ndalama, kaya ndi galimoto, njinga yamoto kapena njinga yakapalasa. Pa masewera otere pamabuka funso limene atsogoleri sayenera kulizemba: kodi wopambanayo wapambana chifukwa cha khama lake, kapena chifukwa chakuti kwao kuli ndalama? Ife tikuona kuti funso limeneli likukhudza kwambiri boma la Mzimba, ndipo nkofunika kuti a makomiti a zamasewera, aphunzitsi, mafumu, apampando a nthambi ndi onse ogwira ntchito m'Boma aliganizire mofatsa.

Mzimba ndilo boma lalikulu koposa maboma onse a m'Malawi, ndipo midzi yake njotalikirana. Kuchokera pa Jenda kunka ku Embangweni ndi ku Edingeni, kapena kuchokera ku Champhira kulowera ku Khosolo, njinga yakapalasa ndiyo imanyamula chimanga kupita kuchigayo, feteleza kupita kumunda, ndi wodwala kupita kuchipatala. Mnyamata amene amakwera zitunda za m'mphepete mwa mapiri a Viphya atamanga matumba awiri pakaliyala ali ndi miyendo ndi chifuwa zimene mphunzitsi aliyense wa zamasewera angazikhumbire. Chuma chimenechi chilipo kale m'midzi mwathu. Chosowa ndi bwalo loti chionekerepo.

Tikudziwanso kuti kuyambira masiku a Wenela anthu ambiri a ku Mzimba akhala akupita ku Joni kukagwira ntchito, ndipo mpaka lero mabanja ochuluka amadalira ndalama ndi katundu wochokera kumeneko. Mwa katunduyo mumakhalanso njinga zopepuka za magiya ambiri. Palibe cholakwa pamenepa, pakuti munthu ayenera kudyerera thukuta lake. Vuto limayamba pa tsiku la mpikisano. Njinga ya kumudzi ya giya imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 20, pomwe njinga yopangidwira liwiro siikwana nkomwe makilogalamu 10. Anyamata awiri ofanana mphamvu akaimikidwa pa mzere umodzi ndi njinga ziwirizi, wopambana amadziwika likhweru lisanalire. Chaka chotsatira mwana wa mlimi sabweranso, ndipo oonerera nawo amachepa, chifukwa munthu sasiya ntchito zake kuti akaonere chinthu chimene akudziwa kale mathero ake.

Mkangano umenewu suli kwathu kokha. Ku America kuli mpikisano wa timagalimoto ting'onoting'ono totchedwa sprint car, timene timathamanga mozungulira pa mabwalo a dothi, ndipo tambiri tili ndi chiphiko pamwamba chotikanikizira pansi kuti tisaterereke pokhota. Masewerawa anakula m'manja mwa anthu wamba, alimi ndi amakaniko amene ankakonza okha magalimoto awo kuseri kwa nyumba. M'chaka cha 1978 kunakhazikitsidwa gulu la World of Outlaws, limene linasonkhanitsa akatswiri oyendayenda m'dziko lonselo. Magalimoto a gulu lapamwambali ali ndi injini ya malita 6.7, kuposa kawiri injini ya pikiyapu zimene timaziona m'misewu yathu, ndipo mtengo wa injini imodzi yokha umapitirira madola 50,000. Makaniko wa m'tauni yaing'ono sangapikisane ndi munthu wokhoza kugula injini zotere zingapo pa chaka.

Eni mabwalo ataona kuti opikisana akuchepa, anayamba kukhazikitsa magulu otsika mtengo. Anaika gulu la injini za malita 5.9, kenaka la malita 5. Pa gulu la malita 5 lotchedwa RaceSaver, injini imayesedwa ndi kumatidwa chidindo kuti mwini wake asaitsegule mobisa ndi kuikamo zitsulo zodula. Kulinso timagalimoto tating'ono koposa, toyendera injini ya njinga yamoto ya 600cc, timene ana ndi achinyamata amaphunzirirapo. Bungwe lina la kumeneko, la IMCA, linayambitsa m'chaka cha 1979 gulu la magalimoto a padothi lokhala ndi lamulo lodabwitsa: wopikisana amene watsiriza m'gulu la otsogola akhoza kukakamizidwa kugulitsa injini yake kwa mnzake wopikisana naye pa mtengo wochepa woikidwiratu. Nzeru yake njoonekeratu. Munthu sangathire chuma chambiri mu injini imene angathe kuitaya usiku womwewo pa mtengo wa chiphwetekere.

Maiko enanso ali ndi njira zawo. Ku Finland kuli mpikisano wa magalimoto akale umene galimoto iliyonse yopikisana imayenera kugulitsidwa pa mtengo umodzi ngati wina waifuna. Ku Japan, mpikisano wa njinga zakapalasa wotchedwa keirin, umene unayamba m'chaka cha 1948, amuna amapikisana pa njinga zachitsulo zovomerezedwa ndi akuluakulu a masewerawo; ndipo pa mpikisano wa maboti wa m'dziko lomwelo, maboti ndi injini zake ndi za eni bwalo, opikisana amagawiridwa mwa maere. Bungwe loyang'anira mpikisano wa njinga pa dziko lonse, la UCI, linalamula m'chaka cha 2000 kuti njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Ngakhale mpikisano wa anthu olemera koposa, wa Formula One, unaika malire m'chaka cha 2021 kuti timu imodzi isagwiritse ntchito madola oposa 145 miliyoni pa chaka, ndipo m'chaka cha 2022 timu ya Red Bull inalipitsidwa madola 7 miliyoni chifukwa chodumpha malirewo. Ngati anthu a chuma chotere anaona kuti ndalama zopanda malire zimapha mpikisano, nanga ife tidikiranji?

Alipo ena amene amatsutsa, ndipo mau awo ngoyenera kumvedwa. Iwo amati malamulo otere amabwezera masewera m'mbuyo, pakuti mnyamata wozolowera njinga yolemera ya giya imodzi sangakachite kanthu kunja kwa dziko. Amatikumbutsa kuti pamene Malawi anapita koyamba ku masewera a Olympic ku Munich m'chaka cha 1972, m'gulumo munali okwera njinga, a Grimon Langson ndi a Raphael Kazembe, ndipo kuti dziko lathu linatumizanso okwera njinga ku Los Angeles m'chaka cha 1984. Izi nzoona, ndipo ife sitikunena kuti njinga zamakono ziletsedwe. Koma katswiri sagwa kumwamba. Amasankhidwa pakati pa anthu ambiri, ndipo anthu ambiriwo sangabwere ngati khomo lolowera ndi la okhawo amene ali ndi mbale ku Joni. M'mera m'poyamba. Tikumbukire kuti m'chaka cha 1965 a Joginder Singh a ku Kenya anapambana mpikisano wovuta wa East African Safari Rally ali pa galimoto ya Volvo yogula kwa wina itagwira kale ntchito. Luso limaoneka pamene lapatsidwa mpata.

Chotero ife tikupempha kuti paliponse pamene pakukonzedwa mpikisano wa njinga m'boma la Mzimba, kaya ndi pa chionetsero cha zaulimi, pa masewera a sukulu kapena pa tsiku la chisangalalo, okonzawo atsate mfundo izi.

Poyamba, pakhale magulu awiri. Gulu loyamba likhale la njinga wamba: giya imodzi, felemu yachitsulo, kaliyala ili pomwepo, monga momwe njingayo imagwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Gulu lachiwiri likhale la njinga za mtundu uliwonse. Mphoto ya gulu loyamba isachepe poyerekeza ndi ya gulu lachiwiri, kuopa kuti anthu angaliyese gulu la otsalira. Amayi ndi atsikana akhale ndi magulu awo, ndi mphoto zofanana ndi za amuna.

Chachiwiri, njinga zonse ziyesedwe poyera mpikisano usanayambe, ndipo zoyamba kufika ziyesedwenso pomaliza. Sikelo yoyesera mbewu njokwanira pa ntchito imeneyi, ndipo okonza njinga a pamsika amadziwa bwino kusiyanitsa zitsulo zoyenera ndi zozembetsa. Woyesayo asakhale mbale wa wopikisana aliyense. Lamulo losatsatidwa limaipa kuposa kusowa kwa lamulo, chifukwa limalanga munthu wokhulupirika yekha.

Chachitatu, lamulo lokakamiza munthu kugulitsa chokwera chake lisatengedwe. Ku America galimoto ya mpikisano ndi yamasewera chabe, koma kwathu kuno njinga ndi khasu la banja, ndipo wa kabaza akaitaya ndiye kuti ana agona ndi njala. Choyenera kutengera ndi nzeru ya maere. Khonsolo ya M'mbelwa, mogwirizana ndi amalonda a pa Boma ndi pa Jenda, ingathe kusunga njinga zochepa za mtundu umodzi zoti opikisana a mu ndime yomaliza azigawana mwa maere. Pamenepo palibe amene angadandaule kuti wagonja chifukwa cha umphawi.

Chachinayi, ndalama yolowera ikhale yochepa, yoti munthu wa kabaza angaipeze pa tsiku limodzi, ndipo mphoto zigawidwe kwa anthu angapo m'malo mounjikira woyamba yekha. Tayala, chubu kapena tcheni ndi mphoto yaing'ono m'maso mwa wa pa ofesi, koma imam'bweretsanso mnyamata wa kumudzi chaka chamawa.

Chachisanu, malamulo alembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, alengezedwe m'misika, m'masukulu ndi m'matchalitchi nthawi ikadalipo, ndipo asasinthidwe kwa zaka zitatu. Kusinthasintha malamulo nako kumadya ndalama, pakuti wosauka sangagule zitsulo zatsopano chaka ndi chaka.

Pa nkhani ya chitetezo pokha sipayenera kukhala kuumira. Mabuleki akhale ogwira, chipewa choteteza mutu chivalidwe, ndipo ngati opikisana sangathe kugula, okonza mpikisano awabwereke. Apolisi ndi azachipatala adziwitsidwe, ndipo njira isankhidwe yopewa magalimoto akuluakulu a mu msewu wa M1. Anyamata a njinga zamoto nawonso achenjezedwe kuti msewu wa anthu onse si bwalo la mpikisano.

Dziko lathu lakhala ndi bungwe la Malawi National Council of Sports kuyambira m'chaka cha 1974, koma bungwe la ku likulu silingafike pa mudzi uliwonse wa kwa Mzikubola kapena kwa Mabulabo. Mutu umodzi susenza denga. Udindo uli pa inu atsogoleri a m'madera, amene mumadziwa mnyamata aliyense ndi njinga yake. Khalani pansi ndi mafumu, aphunzitsi ndi magulu a kabaza, mukambirane malamulowa mpikisano wotsatira usanalengezedwe, ndipo mukagwirizana muwasunge mosakondera, ngakhale wophwanyayo atakhala mwana wa munthu wolemekezeka. Mukatero, mwana wa mlimi wa ku Khosolo adzaima pa mzere umodzi ndi mwana wa wamalonda wa pa Boma, aliyense akudziwa kuti tsikulo aweruza ndi miyendo yake.