Ana awa sakupemphetsa, akutolera ngongole

Kuno kwathu mawu oti loboti timawadziwa ngati magetsi a pamsewu aja amaimitsa maminibasi m'tauni. Ndiye anthu akamva kuti ana a pa CDSS ina m'dera la Mfumu Chigaru ayambitsa kalabu ya maloboti, ndipo akuyenda ndi fomu kutolera ndalama zoti akapikisane ndi anzawo a sukulu zina, amayamba aseka kaye. Kusekako ndilibe nako kanthu. Chomwe chikundiwawa ndi zimene zikutuluka pakamwa pathu tikamaliza kuseka, makamaka ife amene tinapita kusukulu, tili ndi mafoni a pamwamba, ndipo timadzitcha ozindikira.

Tiyambe ndi zomwe anawa akufuna, poti ena akuganiza kuti akufuna kugula chimunthu chachitsulo cha m'mafilimu. Akufuna timabodi ta Arduino, timamota, masensa, mabatire, waya, ndalama ya minibasi yopita ndi kubwerera, ndi chakudya cha tsiku la mpikisano. Laputopu ndi ya aphunzitsi awo, imodzi yomweyo, imene amakatchajitsa pamsika. Basi. Mndandanda wonsewo sungafike pa ndalama imene timamwaza pa perekaniperekani wa ukwati umodzi wa ku Lunzu. Koma fomu ija yazungulira pa Mdeka, yafika pa Lirangwe, yalowa m'magulu a WhatsApp, ndipo mizere yambiri idakali yoyera mbee.

Yankho loyamba limene anawa akulandira ndi funso: "Loboti imadyedwa?"

Njala ndi yeniyeni, palibe akutsutsa. Mu March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo ife a kuno kotentha tinaona ndi maso athu chimanga chikupserera chisanamasule. Munthu amene wagona ndi njala akandifunsa funso limenelo, ndingomupepesa n'kupitirira. Koma amene akulifunsa kwambiri ndi anthu okhuta. Ndipo taonani, funsoli limasankha. Phungu akabwera ndi chikho cha mpira, palibe amafunsa ngati chikho chimadyedwa. Nsalu za chipani zikamagawidwa, palibe amafunsa ngati nsalu imaphikidwa. Kwaya ikamasonkhetsa ya yunifomu timapereka mosangalala, mwina n'kuvina komwe. Mpira ndimaukonda, kwaya ndimaikonda. Ndikungofunsa kuti bwanji m'mimba mumatikumbutsa njala pokhapokha mwana akapempha waya ndi batire?

Komanso amene amafunsa choncho sadziwa chimene anawa akuphunzira. Kaloboti kawo ndi kagalimoto kakang'ono kotsata mzere wakuda pansi. Kunsi kwake kuli masensa awiri amene amasiyanitsa poyera ndi pakuda. Sensa ya kumanzere ikaona mzere, imauza kabodi, kabodi n'kuchepetsa liwiro la mota ya kumanzere, kagalimoto n'kukhota. Mwana ndi amene amalemba malamulo amenewo pa kompyuta: ukaona chakuti, uchite chakuti. Akalakwitsa chilembo chimodzi, kagalimoto kamangozungulira ngati nkhuku yodwala chitopa, ndipo amayenera kufufuza yekha pamene waphonya. Tsopano chotsani mawilo, sensa ija muisinthe ikhale yoyeza chinyezi cha dothi, pamalo pa mota muike pampu ya sola. Mwapeza chipangizo chothirira dimba chimene chimadziyatsa dothi likauma, n'kudzizimitsa likanyowa. Ikanipo sensa ya kutentha, mwapeza makina oswetsera mazira. Nzeru yake ndi imodzi yomweyo. M'dera limene mvula imatipusitsa chaka ndi chaka, Shire ali chapafupi pomwepa, munthu angafunsedi ngati zimenezi zimadyedwa?

Amene akukayikabe apite ku Queens akafunse za Pumani. Ndi makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, amene ophunzira a Rice University ya ku America anapanga mogwirizana ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Oyambirira ake anali timapampu ta m'matanki owetera nsomba za m'nyumba, toikidwa m'kabokosi ka pulasitiki. Akanakhala ana a kwathu akusonkhetsa ndalama yogulira timapampu timeneto, tikanawauza kuti asiye zamasewera akawerenge Biology.

Yankho lachiwiri ndi la anthu ophunzira, lolankhulidwa mwaulemu: "Bwanji osalembera ma NGO? Azungu zimenezi amazikonda."

Apa m'pamene pali matenda athu enieni. Tinazolowera kuti mwana wanzeru wa kumudzi ndi katundu wa alendo: iwo amutulukire, amulipirire, amujambule, ife tidzabwere kumapeto kudzaomba m'manja. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala, ataona chithunzi m'buku la mu laibulale. Anthu a m'mudzi ankati wapenga. Atakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku lake litatuluka mu 2009, atamaliza digiri ku Dartmouth mu 2014, filimu yake itafika pa Netflix mu 2019, tonse tinasanduka achibale ake. Lero dzina lake silisowa m'zolankhula za akuluakulu.

Nanga Gabriel Kondesi wa ku Mulanje? Mnyamata amene sanapite patali ndi sukulu koma anapanga yekha wailesi ya m'mudzi, Pachikweza. Mu 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso. Inde lamulo ndi lamulo, koma ganizirani: dzanja loyamba la boma limene linafika kwa mnyamata ameneyu linabwera ndi unyolo. Thandizo linatsatira nkhani itamveka m'manyuzipepala. Ndi momwe timachitira. Mwana akamayesa timamuseka kapena kumuopseza, akatchuka timamunyamula pamapewa. Tikamauza ana a kwa Chigaru kuti akalembere azungu, tikuwaphunzitsa kuti nzeru zawo zilibe mwini kuno.

Yankho lachitatu ndi lathu achinyamata, ndipo ndi lotchipa kuposa onse: kamtima kofiira pansi pa positi. Ena amawonjezera timoto titatu. Wina amalemba kuti tikunyadira nanu mafana. Nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zili pomwepo pa positipo, koma chala chimalumpha. Aise, kamtima sikagula batire. Bandulo imene mwathera kuonera mavidiyo usiku wathawu ikanagula sensa.

Kunja kuno mpikisano wa maloboti si zachibwana. FIRST Global Challenge, umene anayambitsa Dean Kamen, unachitika koyamba ku Washington mu July 2017, ndipo wazungulira ku Mexico City, Dubai, Geneva, Singapore ndi Athens. Dziko lililonse limatumiza timu imodzi ya achinyamata a zaka 14 mpaka 18, ndipo matimu onse amalandira zipangizo zofanana, kuti chopikisana chikhale mutu osati thumba. Malawi nayenso wakhala akutumizako timu. Chaka choyamba chija atsikana a ku Herat, ku Afghanistan, anakanizidwa viza kawiri, koma sanagonje mpaka analowa mu America n'kupikisana. Mu 2020, Covid-19 itavuta, timu ya atsikana a ku Herat inapanga makina othandizira kupuma pogwiritsa ntchito zitsulo za Toyota Corolla yakale. Dziko la nkhondo, atsikana oletsedwa zambiri, koma panapezeka anthu amene anawakhulupirira asanapambane kalikonse.

Funso langa ndi ili: timu ya Malawi izichokera kuti? Ana ochepa amene amavala mbendera ija samera ngati bowa. Amasankhidwa pakati pa ana amene anagwirapo kale waya ndi kompyuta. Ngati makalabu ali m'sukulu zolipira zokha za ku Blantyre ndi Lilongwe, ndiye kuti mbendera izinyamulidwa ndi ana a mabanja omwewo mpaka kalekale, ndipo mwana wa kwa Chigaru ndege aziiona ikutsika ku Chileka basi, khosi lili chagada. Ma CDSS ndi amene amalandira ana ambiri a kumudzi, ndipo ambiri mwa iwo alibe labu yeniyeni. Mwana amalemba Physics pa MSCE ataloweza chithunzi cha seketi chimene aphunzitsi anajambula ndi choko. Kalabu ya maloboti ikadzuka pa sukulu yotero, ndiye kuti pali mphunzitsi wina amene akugwira ntchito ya unduna wonse ndi malipiro ake. Kumusiya yekha n'chipongwe.

Musandiuze kuti ndalama kulibe. Ndalama zilipo, kungoti zimadziwa njira zake. Mu bajeti ya 2024/25 thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwezedwa kufika pa K200 miliyoni pa dera lililonse. Kodi pa ndalama imeneyo sipangachoke kachigawo kogulira bokosi la zipangizo pa CDSS iliyonse ya m'deralo? Olemba anthu ntchito amapereka ku TEVETA ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipiro onse a antchito awo kuti ipititse patsogolo luso la manja. Luso limeneli liyambe mwana atalephera kale Fomu 4? MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund lofikitsira ukadaulo wa mauthenga kumadera otsalira. Boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu January 2021, ndipo imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi mafakitale. Mafakitale amenewo adzayendetsa ndani? Amene adzakhale mainjiniya aakulu mu 2063 ndi ana amene lero ali Fomu 2, omwewa tikuwabweza ndi fomu yoyera.

Ndipo kuchedwa kuli ndi mtengo. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kabodi komweko kanakwera mtengo ana asanalakwe kanthu. Fomu ikamazungulira miyezi itatu, ndalama imene analemba pamwamba imakhala itachepa kale mphamvu.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti dera lathu lino limadyetsa tauni. Magetsi a ku Nkula, kumene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, amachokera mu Shire yemweyu. Madzi amene anthu a ku Blantyre amamwa amapopedwa pa Walker's Ferry n'kukwera kudzera ku Chileka. Mawaya amadutsa pamwamba, mapaipi amadutsa pansi, ife tili pakati kuyang'ana. Ku Kasungu kuli malo oyeserera madroni amene boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017. Ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy mu 2020. Ku Thyolo kuli MUST, ku Chichiri kuli MUBAS. Makomo alipo, koma mwana amene sanaonepo kabodi ka Arduino sangagogode khomo limene sakulidziwa. M'mera mpoyamba.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuti ngongole? Chifukwa ife amene tinadutsa m'sukulu zimenezi sitinadzilere tokha. Njerwa za makalasi athu anaumba ndi makolo a m'midzi, ena mwa iwo ana awo sanafike n'komwe ku sekondale. Mbuzi zinagulitsidwa pa Lirangwe kuti tilipire mayeso. Ambiri a ife ku yunivesite tinaphunzira pa ngongole ya boma, ndalama ya misonkho ya amayi ogulitsa tomato. Tinalandira, ndipo amene analandira amabweza. Mwana akakupatsani fomu ija musamuyang'ane ngati wopemphetsa wa pa depoti. Wabwera kudzatenga zake.

Ndikudziwa, ambiri a ife ntchito sitinaipeze, digiri ili mu envulopu, tikuyendera maganyu. Palibe akunena kuti munthu mmodzi asenze zonse. Mutu umodzi susenza denga. Koma gulu la WhatsApp la amene tinalemba Fomu 4 chaka chimodzi limatha kusonkha ndalama ya bokosi la maliro pa maola ochepa, ndipo ndi bwino kutero. Gulu lomwelo lingalephere bwanji kusonkha kangachepe mwezi uliwonse kaamba ka amoyo? Amene muli ku Joni, amene muli m'mabanki, amene munaphunzira uinjiniya ndipo Loweruka mumangogona: ngati ndalama mulibe, bwerani ndi laputopu yakale ija, bwerani mudzakhale ndi ana masana amodzi muwaonetse kuwotcherera waya.

Kwa aphunzitsi ndi makomiti a sukulu, nanunso mawu alipo. Anthu anapsa kale ndi zopereka zosowa mutu wake, ndiye musakwiye akamakayika. Lembani poyera: talandira zakuti, tagula zakuti, malisiti ndi awa, zatsala ndi izi. Ikani pa bolodi la sukulu ndi pa gulu pomwe. Zipangizo zikhale za sukulu, zolembedwa m'buku, kuti mphunzitsi akasamutsidwa kalabu isasamuke naye. Ndipo atsikana asakhale ongogwira chikwangwani pa chithunzi, agwire sikuludiraiva.

Kwa aphungu ndi makhansala athu, mukamabwera kudzapempha mavoti tidzakufunsani funso limodzi losavuta: pa CDF munaika zingati za sayansi m'masukulu? Bwerani ndi nambala. Ndipo tsiku limene ana awa adzabwere ndi chikho, amene simunalembe dzina pa fomu musadzavutike kusita suti yodzajambulitsira.

Anawa mwina akapambana, mwina akathera pa nambala yomaliza. Kaloboti kawo mwina kakakana kuyenda pamaso pa anthu. Zilibe kanthu, chaka chamawa akakonza. Chimene sichingakonzeke ndi mwana amene waphunzira, ali ndi zaka 15, kuti kwawo munthu ukaganiza chinthu chatsopano umayenda wekha. Fomu idakazungulira. Ikakupezani, lembanipo dzina.