Tonde wabwino asapite kumsika

Anzanga, ku England kuli hatchi ina dzina lake Frankel. Pakati pa 2010 ndi 2012 inathamanga mipikisano 14, ndipo inapambana yonse, osagonja olo kamodzi. Itapambana ku Ascot mu Okutobala 2012, ili ndi zaka 4 zokha, eni ake anaipumitsa. Sanaigulitse ayi. Anaisunga ku khola la Banstead Manor kuti izikwera mahatchi aakazi. Mu 2013, wofuna kuti hatchi yake itenge bere kwa Frankel ankalipira mapaundi 125,000. Mu 2021 mwana wake, Adayar, anapambana mpikisano waukulu wa Derby ku Epsom.

Mwina mukuti, “Nanga za mahatchi zikutikhudza bwanji ife?” Zikutikhudza, chifukwa kuno ku Machinga ndi ku Balaka hatchi yathu ndi mbuzi, koma ife timachita zosemphana ndi anzathuwo.

Taonani. Pakhomo pakafunika feteleza, yunifolomu kapena chimanga m'miyezi ya njala, amene amamangidwa panjinga kupita kumsika wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja ndi tonde wamkulu uja. Ikafika Khirisimasi kapena Eid, mavenda amafunanso yemweyo. M'khola mumatsala katonde konyentchera, ndipo ndi komweko kamene kamakwera mbuzi zonse, ngakhale make ndi alongo ake. Kenako timadabwa kuti ana akubadwa ang'onoang'ono komanso osachedwa kudwala. N'kumati atilodza!

Sindikunyoza makolo athu. Tonde wamkulu ndi amene amagulidwa bwino, ndipo njala siidikira. Ine ndemwe ndimabwera kusukulu kuno ndi makope ogulidwa ndi ndalama ya mbuzi. Koma ndalama ya tonde imatha sabata imodzi, pomwe mbewu yake ikanakhala m'khola zaka. Mbuzi imatenga bere miyezi 5 yokha, ndiye zotsatira zake sizichedwa kuoneka. Agogo athu akamakolola amapatula zitsononkho zazikulu n'kuzisunga kuti zikhale mbewu. Olo njala ivute, mbewu sadya. Bwanji nzeru yomweyo isafike kukhola?

Maganizo anga ndi awa. Tisankhe tonde mmodzi wokula msanga, wosadwaladwala, wobadwa kwa mayi wa mkaka wambiri, ameneyo asagulitsidwe. Atonde ena tiwafule akadali aang'ono, anenepe, ndiwo azipita kumsika. Ndipo ana ake aakazi a tonde uja asanakule, tisinthane ndi a mudzi wina kuti asakwere ana ake omwe. Alangizi a ziweto angatithandize pa zonsezi.

Ambirife ndi amene timatsekulira mbuzi m'mawa tisananyamuke, ndiye timazidziwa bwino kuposa venda. Zomwe timaphunzira pa Agriculture tisangozisungira mayeso a JCE. Tikaweruka lero, tikakhale pansi ndi bambo kapena mayi, mwaulemu, tiwafunse kuti, “Kodi pa atondewa, wa mbewu ndi uti?”

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2