Mapiri atatu pa tsiku limodzi

Kumpoto kwa England, m'dera la Yorkshire Dales, kuli mudzi waung'ono wochedwa Horton in Ribblesdale. M'mwezi wa Juni, pamene dzuwa la kumeneko limatuluka 5 koloko isanakwane ndi kukalowa 9 koloko ya usiku itapitirira, anthu amalawira m'mudzimo atabereka zikwama, kuti akakwere mapiri atatu pa tsiku limodzi: Pen-y-ghent la mamita 694, Whernside la mamita 736 ndi Ingleborough la mamita 723. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 39, ndipo mwambo wake ndi wakuti munthu abwerere pamene anayambira maola 12 asanathe. Sapita ku maliro, sapita ku msika. Amangoyenda basi.

Awerengi okondedwa, kufupika kwa mapiriwa kusakunyengeni. Loyamba amalikwera miyendo ikali ndi mphamvu, ngakhale kuti pafupi ndi nsonga pali matanthwe ofuna kugwira ndi manja. Potsika pamenepo pali mtunda wautali wa udzu ndi madambo, wosowa ngakhale mtengo wousapo, mpaka kukafika ku Ribblehead. Apa pali mlatho wa njanji womangidwa ndi miyala, wa mipata 24 kunsi kwake, umene anayamba kuumanga mu 1870. Anchito ake anali kukhala m'misasa pomwepo pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Ngozi ndi nthomba zinapha ambiri, ndipo anagonekedwa pa kachalichi ka St Leonard ku Chapel-le-Dale, kufupi ndi njira yotsika ku Whernside. Oyenda ambiri amapitirira osayang'anako, maso ali pa koloko, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa mwambo wa maola 12 umawamana kanthu.

Pofika pa phiri lacitatu mapazi amakhala atacita matuza. Nkhungu ingathe kugwa masanasana, mvula yozizira ndi kutsatira, kotero kuti wopanda mapu, kampasi ndi jekete la mvula amasokera msanga. Amene amakafuna osokera ndi ovulala ndi anthu odzipereka a bungwe la Cave Rescue Organisation la ku Clapham, limene linayamba mu 1935. Salandira malipiro.

Koma cimene cimandicititsa cidwi koposa ndi ici: pafupifupi nthaka yonse imene woyendayo amapondapo ili ndi mwini wake. Makoma a miyala yosanjika popanda simenti amagawa mabusa a nkhosa mpaka pamwamba pa phiri. Komabe pa khomapo pali makwerero kapena kacipata, ndipo mlendo amaloledwa ndi lamulo kudutsa m'busa la munthu amene sanamuonepo. Mwini malo sangatseke njirayo. Nayenso wodutsa ali ndi udindo wake: kusiya cipata monga anacipezera, kugwira galu pa cingwe pakati pa nkhosa, ndi kubwerera ndi zinyalala zake.

Njira zambiri za m'mabusa ndi zakale ndithu, koma ufulu woyenda pamwamba pa mapiri, kumene kulibe njira, unacita kumenyedwera. Kale eni malo anali kusunga mapiri ambiri kuti aziomberako mbalame, ndipo alonda ao anali kupirikitsa anthu wamba. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo acinyamata ogwira nchito ku Manchester, anakwera phiri la Kinder Scout ku Derbyshire popanda cilolezo, motsogozedwa ndi Benny Rothman. Panabuka ndeu ndi alonda, ndipo asanu anaponyedwa m'ndende kwa miyezi ingapo. Cilangoco cinautsa mkwiyo wa anthu. Mu 1949 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la malo otetezedwa a dziko lonse. Peak District, kumene kuli Kinder Scout, ndiyo inayamba mu 1951, ndipo Yorkshire Dales inatsatira mu 1954. Lamulo lotsegula mapiri ndi zipululu kwa oyenda pansi linadzabwera mu 2000, patapita zaka 68.

Tsono dzuwa likapendeka, nkhani imasintha. Lamulo lomwelo lolola kuyenda silipereka ufulu wogona. Woyenda uja, atatopa kotheratu, sangakhome tenti yake pamene wafuna popanda cilolezo ca mwini malo. Amapita pa bwalo limene mlimi kapena mwini wina anapatulira alendo, nalipira, nakhoma tenti pa udzu wonyowa, naphika tiyi pa kambaula ka gasi uku akupirikitsa tizilombo toluma tocepa kuposa udzudzu. Alimi ali ndi zifukwa zomveka, pakuti moto wosiyidwa umaononga busa ndipo botolo losweka limaceka nkhosa. Ngakhale zili conco, n'zovuta kumvetsa kuti munthu mmodzi wogona usiku umodzi pamwamba pa phiri, nacoka m'mamawa osasiya kanthu, walakwira yani.

M'England monse, malo okha amene lamulo limalola kugona kuthengo osapempha ndi mbali zina za Dartmoor, kutali kum'mwera cakumadzulo. Nakonso ufuluwo unatsala pang'ono kutha. Mwini malo wina, Alexander Darwall, anakasuma, ndipo mu Januwale 2023 khoti linagamula momukomera. Khoti la apilo linasintha cigamuloco caka comweco, ndipo mu Meyi 2025 khoti lalikulu kopambana linatsimikiza kuti kugona mu tenti ndi mbali ya cisangalalo ca panja cimene lamulo la Dartmoor limateteza. Wogona kumeneko amanyamula zonse kumsana, amakhoma tenti patali ndi mseu, sasonkha moto, ndipo sapitirira usiku uwiri pa malo amodzi.