Khote khote ngwanjira, koma amalipira ndani?

Akuluakulu adati khote khote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Adanena mawuwa akuyenda wapansi, pamene kuzungulira dambo kunkangotopetsa miyendo basi. Lero m'tauni kukhota kulikonse kuli ndi kondakitala wake. Munthu wa ku Bangwe amene wapeza ganyu ku Chilomoni amakwera minibasi katatu: ya ku Limbe, ina yodutsa mumsewu wa Chipembere kukafika m'tauni ya Blantyre, kenaka ya ku Chilomoni. Madzulo abwerezanso. Kumene mtima walinga amafikadi, koma mwezi ukatha amadzifunsa ngati akugwirira ana ake kapena eni maminibasi.

Ku Lilongwe n'chimodzimodzi. Njira zambiri zimakathera kudepoti ya ku Old Town, moti wochokera ku Area 25 kupita ku Kawale amayamba wakapereka moni kudepoti. Mzindawu, umene udakhala likulu la dziko mu 1975, adauyala motayana ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto. Mlonda kapena wosesa m'maofesi a ku Capital Hill akaweruka mochedwa amadziwa yekha kuti miyendo ndiyo ikamufikitse.

Komabe chopweteka kwambiri si kutalika kwa njira ayi. Ndi kusadziwa nthawi imene udzafike. Minibasi sinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzaza, ndipo tisafulumire kutukwana dalaivala. Iye ndi kondakitala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana tsiku lililonse, kuphatikizapo mafuta ndi ya oitanira, ndipo chotsalacho ndiye chawo. Mpando wopanda munthu ndi ndiwo za ana awo. N'chifukwa chake mumapeza anyamata atakhala m'kati ngati apaulendo, inu n'kukwera poganiza kuti yatsala pang'ono, iwo n'kumatsika mmodzimmodzi. N'chifukwa chake madzulo, anthu akachepa, mumamva kuti “yathera pano, akulu, kwerani iyo,” muli pakati pa ulendo. Ulendo umene dzulo udatenga mphindi 40 lero ungatenge maola awiri, choncho wolowa ntchito 7:30 amadzuka tambala asanalire, kulipira ndi tulo take nthawi imene mwina sadzaifuna n'komwe.

Munthu akasowa chodalira amasintha moyo wake wonse. Amachita lendi kanyumba kothithikana ku Ndirande chifukwa kuchokera kumeneko atha kuyenda wapansi kupita kumakampani a ku Makata. Mayi amakana ntchito ya malipiro abwinoko chifukwa ili kutali ndi siteji. Wina amakwera kabaza wa njinga yamoto, wopanda ndi chisoti chomwe, osati chifukwa sakonda moyo wake koma chifukwa kabaza amanyamuka pomwepo ndipo amalowa kumene minibasi sifika. Madokotala a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central akhala akudandaula za kuchuluka kwa othyoka miyendo pangozi za njingazi. Okwera kabaza timawalangiza kuti kuthamanga sikufika. Zoona, koma mwambiwu suteteza munthu kwa bwana amene amadula malipiro ukachedwa.

Pali amene amati Amalawife sitisunga nthawi, ndiye basi ya ndandanda singatheke. Bodza limenelo. Pitani pamene makochi a AXA kapena Sososo amanyamukira pakati pa Blantyre ndi Lilongwe: anthu amafika nthawi isanakwane, tikiti ili m'manja, ndipo amalolera kulipira zochulukirapo kuti asakhale maola atatu ku Wenela kudikira basi idzaze. Achikulire akukumbukanso mabasi a kampani ya UTM, amene Stagecoach idawatenga mu 1989 asanadzakhale Shire Bus Lines. Sanali angwiro, ankachedwa ndi kuwonongeka panjira, koma ankakhala ndi nthawi yolembedwa imene munthu ankatha kuwadzudzula nayo. Shire itagwa, ulendo wa m'tauni tidangousiya m'manja mwa aliyense amene wakwanitsa kugula minibasi yakale yochokera ku Japan.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto lathu ndi loti amene ali ndi kiyi wa chitsekocho m'mimba mwawo muli zii, chifukwa amapita kuntchito pagalimoto ya boma. Ku Area 18 kudamangidwa msewu wodutsa pamwamba, wa Kenyatta adaukuza, ndipo zonsezo n'zokongola, koma zathandiza kwambiri amene ali kale ndi chiwongolero m'manja. Wa ku Chinsapo akudikirabe pasiteji yopanda denga.

Sindikupempha sitima za pansi pa nthaka. Makhonsolo a mizinda, nthambi yoona za pamsewu ndi bungwe la eni maminibasi la MOAM atha kugwirizana kuti chiphaso chizipita ndi njira yake, kuti wotenga njira yonona atengenso ina yolumikiza malokeshoni popanda kudzera kudepoti. Ayesere kaye pakati pa Limbe ndi Blantyre: m'mawa ndi madzulo minibasi izinyamuka pa mphindi 10 zilizonse, yodzaza kapena ayi, ndipo dalaivala azilandira malipiro a pamwezi kuti asamawerenge mipando.