Galu wa pakhomo ndi ngongole ya katemera

Mchewa akafuna kunyoza mnzake amamutcha galu. Komabe kukada, kaya ndi ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, galu yemweyo ndiye amalondera nkhokwe ndi khola, malipiro ake n'kukhala mkute, mafupa, nthawi zina mwala wa m'nthiti.

Kupeputsa galuku n'kumene kukuphetsa anthu. Bungwe la WHO likuti pafupifupi onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 ofa nacho ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, chiyembekezo chatha. Chikhalirecho matendawa amaleka kufala ngati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera abayidwa katemera, ntchito imene a Mission Rabies akhala akuigwira ku Blantyre kuyambira 2015. Kagalu kabayitsidwe kakakwanitsa miyezi itatu, n'kumabwereza monga alangizi a ziweto anenera. Mphaka, amene ena amati chona, naye amafunika katemerayu, ngakhale eni ake amamuiwala poti sauwa.

Wolumidwa asathamangire kupaka phulusa kapena tsabola pabala. Alitsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale dzino litangokanda khungu. Kudikira kuti aone ngati galuyo apenge n'kuseweretsa moyo.

Palinso eni ziweto achifundo amene amapha osadziwa. Panado, yemwe amathandiza mwana akatentha thupi, kwa mphaka ndi poizoni, ndipo theka la mbulu limatha kumupha.