MAPHUNZIRO OLEKERA PANJIRA: ANENEDWE KAPENA ABISIDWE?

Kucokera mu 2012, pamene Vubwi anapatulidwa ku Chadiza nakhala boma palokha, acinyamata a kumeneko akhala akulemba makalata ofunsira nchito m'maofesi, m'masitolo ndi kwa omanga nyumba. Ena mwa iwo anayambapo maphunziro pa koleji ya aziphunzitsi ku Chipata, pa sukulu ya anamwino ya St Francis ku Katete, kapena pa sukulu ya zaumisiri, koma analekera panjira cifukwa ca kusowa ndalama, matenda kapena imfa ya wowalipirira. Tsono polemba kalata avutika mtima: kodi anene za maphunzirowo kapena akhale cete?

Canzeru ndi kuwanena, koma monga momwe anathera, osaonjezapo kanthu.

Wobisa adzipweteka yekha. Wolemba anthu nchito akaona zaka ziwiri zopanda mbiri m'kalata, afunsa kumene munthuyo anali, ndipo yankho lacibwibwi licotsa cikhulupiriro. Ndiponso m'boma laling'ono monga Vubwi anthu adziwana. Cobisika ku ofesi cimveka pamsika kapena pamaliro.

Wonama kuti anatsiriza ndiye adzikumbira dzenje lakuya koposa. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aziphunzitsi 498 amene anali ndi masetifiketi abodza a Giredi 12. Bungwe la Examinations Council of Zambia lisunga zotsatira za mayeso, ndipo wolemba nchito angathe kufunsa kumeneko. Kupereka cikalata cabodza ndi mlandu wopita nao kukhoti.

Njira yoongoka ndi kuchula dzina la sukulu, zaka zimene munthu anakhalako, maphunziro amene anakhoza, ndi kulemba poyera kuti setifiketi sanalandire. Cifukwa colekera cinenedwe m'mau ocepa, kopanda kudandaula kapena kunyoza aziphunzitsi. Ngati sukuluyo ingapereke kalata ya umboni, aiphatikize.

Nzoona kuti zimenezi sizingampatse munthu nchito ya uphunzitsi kapena unamwino. Pamene Boma linalemba aziphunzitsi 30,496 mu 2022, linafuna otsiriza maphunziro ndi olembetsedwa ku bungwe lao. Koma pa nchito ya ukalaliki pamsika wa cimanga wa Food Reserve Agency, ya m'sitolo kapena yomanga, caka cimodzi ca koleji cimuika munthu patsogolo pa mnzace amene sanapondeko konse. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Wopanda pepala aonetse luso la manja ace.

Wofuna kubwerera kusukulu naye asataye mtima. Mu 2022 Boma linakweza thumba la Constituency Development Fund kufika pa K25.7 miliyoni pa konsiticuwense iliyonse, ndipo gawo lina linapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a zaumisiri. Afunse kwa a komiti ya citukuko ya m'wadi mwao, kuti kalata ya caka camawa idzanene za maphunziro otsirizidwa.